Ndasamuka ndi foni yanga ya pa intaneti: tikaimba 911, ambulansi ipita kuti?

Mayi wina wa ku Indianapolis, m'dziko la America, walemba kuti: "Tinasamukira kuno kuchokera ku Dallas, m'chigawo cha Texas, miyezi inayi yapitayo. Foni ya m'nyumba ndi ija yodalira intaneti, ndiye tinangozula kabokosi kake n'kudzakalumikiza kuno, ndipo ikugwira bwinobwino ndi nambala yomwe ija. Mayi anga abwera kuchokera ku Lilongwe kudzandithandiza kulera khanda, moti masana amatsala okha ndi mwana. Chingerezi amamva pang'ono. Ndawauza kuti kukagwa vuto aimbe nambala ya ngozi ya 911 pa foni imeneyi, koma mnzanga wa kuntchito akuti ambulansi ikhoza kupita ku Texas. Kodi n'zoona? Nanga si masiku ano makina amadziwa pamene munthu ali?"

Mayi, mnzanuyo wanena zoona, ndipo mumuthokoze. Ngati chisamukireni simunauze kampani ya foniyo adiresi yatsopano yogwiritsa ntchito pa ngozi, ndiye kuti agogo akaimba 911 lero, foniyo ikalira ku Dallas. Woyankha adzaona adiresi ya nyumba yanu yakale pa kompyuta yake, ndipo ngati woimbayo akulephera kufotokoza kumene ali, ambulansi idzathamangira kukagogoda pakhomo la anthu ena, makilomita oposa 1,000 kuchokera pamene pagona wodwala. Vutoli n'losavuta kulikonza, choncho likonzeni lero lomwe, musadikire Loweruka. Koma ndikufunanso mumvetse gwero lake, chifukwa mukalimvetsa simudzaiwala tsiku limene mudzasamukenso.

Tiyambe ndi lamya yakale ija ya waya. Waya wake unkachokera ku makina a kampani n'kudzathera pakhoma la nyumba imodzi basi. Nambala ndi nyumba sizinkasiyana: ukadziwa nambala, wadziwa khomo. Dongosolo la 911, lomwe foni yake yoyamba inaimbidwa ku Haleyville, m'chigawo cha Alabama, pa 16 February 1968, linakula litatsamira pa mfundo imeneyi, makamaka atawonjezerapo njira yotchedwa E911. Munthu akaimba, foni yake imafika pa makina osankha njira, amene akatswiri amawatchula kuti selective router. Makinawo amayang'ana nambala ya woimba, amafufuza m'kaundula kuti nambalayo ili mumsewu uti, kenako amatumiza foniyo ku malo oyankhira mafoni a ngozi a dera limenelo. Ikafika kumeneko, kaundula wina amaonetsa adiresi yonse pamaso pa woyankha, iye asanafunse n'komwe.

Apa pali chinthu chimene anthu ambiri sachidziwa. 911 si ofesi imodzi ya dziko lonse. Malo oyankhirawa, otchedwa PSAP, alipo oposa 5,000 m'dziko la America, ndipo aliwonse ali ndi malire ake, kawirikawiri a mzinda kapena a boma laling'ono lotchedwa county. Woyankha wa ku Dallas amalankhula pa wailesi ndi maambulansi, apolisi ndi ozimitsa moto a ku Dallas komweko. Alibe mphamvu yotuma galimoto ya ku Indianapolis. Akazindikira kuti woimbayo ali ku chigawo china, ayenera kaye kumvetsa kuti ali mumzinda uti, kupeza njira yolumikizirana ndi anzake a kumeneko, n'kusamutsa foniyo kapena kuwapatsira uthenga. Amayesetsa ndithu, koma mphindi zimapita, pamene mwana wotsamwa kapena munthu amene mtima wake waima alibe mphindi zoti n'kutaya.

Foni ya pa intaneti inadula chingwe chija chomanga nambala ndi nyumba. Mawu anu amasandutsidwa tizidutswa ta data, timene timayenda pa intaneti ngati mmene uthenga wina uliwonse umayendera. Kabokosi kanu kakayaka kamadziwitsa kampani kuti iko ndi ndani, osati kuti kali kuti. Mukakalumikiza ku Dallas, ku Indianapolis, ngakhale ku Area 25 ku Lilongwe, kadzalira chimodzimodzi pa nambala yake yoyamba ndi 214 kapena 972. Ubwino wa foni yotereyi ndi umenewu, ndipo ngozi yake ili pomwepo.

Mwafunsa ngati makina sadziwa okha pamene munthu ali. Kabokosi kameneka kalibe GPS. Chimene kampani imaona ndi nambala ya pa intaneti yotchedwa IP address, ndipo nambala imeneyi si keyala ya nyumba. Imangosonyeza kampani imene ikukupatsani intaneti, ndipo ikalondola kwambiri imatchula mzinda, nthawi zina mzinda umene kuli makina a kampaniyo osati umene inu mukukhala. Imasinthasinthanso, ndipo munthu akayatsa VPN, pulogalamu yobisa kumene ali pa intaneti, akhoza kuoneka ngati ali kudziko lina. Palibe angatumize ambulansi podalira chinthu chotere.

Ndiye amachita bwanji? Amadalira adiresi imene mwini foni analembetsa. Mukaimba 911, kampani yanu imapereka foniyo kwa makina ena amene amatenga adiresi yolembetsedwayo, kuiika pa mapu n'kuona kuti ili m'malire a malo oyankhira ati. Popeza makina akale osankha njira aja amangomva nambala za dera lawo, foni yanu imabwerekedwa nambala yongogwirizira ya dera limenelo, kuti idutse pachipata. Ikafika kwa woyankha, nambala yobwerekayo imakoka nambala yanu yeniyeni ndi adiresi yanu n'kuziika pa kompyuta yake. Zonsezi zimachitika m'masekondi ochepa, ndipo zimayenda bwino zedi. Koma onani pamene zaima: pa mawu amene inu munalemba tsiku lotsegula akaunti. Makinawo sanama ndipo salakwitsa, amangobwereza mokhulupirika zimene anauzidwa. Kwa iwo, inu mudakali ku Dallas.

Adiresi ikasowa, kapena ikalembedwa molakwika moti sikupezeka m'kaundula wa misewu, makampani ambiri amatumiza foniyo ku malo amodzi olandirira mafoni osowa kolowera. Kumeneko munthu amafunsa kuti muli kuti, kenako amakulumikizani ndi oyankha a dera lanu. Kuli bwino kusiyana n'kuti foni ingoduka, koma njira imeneyi imafuna woimba wotha kulankhula momveka, ndipo agogo ali ndi mantha, mwana ali m'manja, sindikufuna adutse njira imeneyo.

Malamulo amene alipo pa nkhaniyi anabwera anthu atavulala kale. Mu February 2005 ku Houston, achifwamba analowa m'nyumba ina n'kuwombera bambo ndi mayi. Mwana wawo wamkazi anayesa kuimba 911 pa foni ya pa intaneti, koma anangomva uthenga wojambulidwa woti nambalayo sikugwira pa foniyo, mpaka anathamangira kwa oyandikana nawo. Mwezi wotsatira Greg Abbott, yemwe panthawiyo anali mkulu wa zamalamulo m'boma la Texas, anasumira kampani ya Vonage ponena kuti sinkafotokozera anthu momveka za 911. Mu May chaka chomwecho bungwe la FCC, loyang'anira zamtokoma m'dziko la America, linalamula kuti kampani iliyonse ya foni ya pa intaneti yolumikizana ndi mafoni wamba izipereka E911, izitenga adiresi ya kasitomala isanamutsegulire foni, izimupatsa njira yosavuta yosinthira adiresiyo, ndiponso izimuchenjeza za malire a ntchito imeneyi.

Lamulolo linathandiza, koma linasiya m'manja mwa mwini foni udindo wonena kuti wasamuka. Nkhani imene imandikhudza mtima kwambiri, chifukwa ikufanana ndi yanuyi, inachitika ku Canada mu April 2008. Banja lina linasamuka ku Mississauga, m'chigawo cha Ontario, kupita ku Calgary, mtunda wa makilomita oposa 2,500, litatenga foni yawo ya pa intaneti. Mwana wawo wa chaka chimodzi ndi theka atadwala mwadzidzidzi anaimba 911, ndipo ambulansi inatumizidwa ku adiresi yakale ya ku Mississauga. Thandizo linachedwa ndipo mwanayo anamwalira. Sindikukuuzani izi kuti musagone tulo, koma kuti muone kuti funso lanu si laling'ono.

Mu 2018 dziko la America linakhazikitsa lamulo lina, RAY BAUM'S Act, lofuna kuti woyankha azilandira adiresi yoti n'kufikadi pakhomo: msewu, nambala ya nyumba, nsanjika ndi nambala ya chipinda. Kuyambira January 2022 lamuloli likukhudzanso mafoni a pa intaneti otha kusamutsidwa, ndipo makampani akuyenera kupeza malo a woimba okha ngati luso likulola. Ndiye makampani ena akaona kuti kabokosi kalumikizidwa pa netiweki yachilendo amatumiza uthenga wofunsa ngati mwasamuka. Uthengawo ukhoza kukhala unabwera pa imelo m'masiku a chipwirikiti cha kusamuka, n'kukwiririka. Musadalire zimenezo.

Tsopano chochita. Lowani mu akaunti yanu pa webusaiti kapena pa app ya kampani ya foniyo, ndipo fufuzani pamene palembedwa "E911 address" kapena "Emergency address". Chenjerani apa, chifukwa ambiri amagwera pomwepa: adiresi yotumizirako bilu ndi adiresi ya ngozi zimasungidwa padera. Mukhoza kukhala kuti munasintha ya bilu, makalata akubwera bwinobwino ku Indianapolis, koma ya ngozi idakali ya ku Texas. Polemba, musasiye kanthu. Ku Indianapolis kuli misewu yokhala ndi nambala imodzi koma mbali ziwiri, monga East 38th Street ndi West 38th Street, ndipo kusiya liwu limodzi lokhalo kungatumize ambulansi kutsidya lina la mzinda. Ngati mukukhala m'fulati, lembani nambala ya mdadada ndi ya khomo lanu. Dikirani uthenga wotsimikizira kuti adiresi yalandiridwa, poti kumakampani ena kusinthako sikugwira nthawi yomweyo.

Mukatero muyese, koma osati poimba 911. Makampani ambiri a mafoni a pa intaneti ali ndi nambala yoyesera, 933. Mukaiimba, makina amakuwerengerani nambala yanu ndi adiresi imene woyankha angaone mutaimba 911. Ngati kampani yanu ilibe 933, aimbireni akuwerengereni okha zimene zili mu akaunti, kapena imbani nambala ya masiku onse ya apolisi a dera lanu mufunse ngati angakupatseni nthawi yoyesera. Ndipo zikachitika kuti wina m'nyumba waimba 911 mwangozi, asadule. Angodikira, n'kunena kuti walakwitsa. Akadula, woyankha amataya nthawi kuimbanso, mwinanso kutumiza wapolisi kudzaona.

Mwina mukuganiza kuti bola kungosiya foni ya m'nyumbayo, agogo azigwiritsa ntchito ya m'manja. Maganizo anga ndi osiyana pang'ono. Foni ya m'manja ndi yabwino chifukwa imayenda ndi munthu. Kwa zaka zambiri foni ya 911 yochokera m'manja inkatumizidwa potengera nsanja ya netiweki imene yaigwira, ndipo munthu wa m'malire a mizinda nthawi zina ankayankhidwa ndi mzinda wolakwika. Masiku ano mafoni amakono amawerengera okha malo awo pogwiritsa ntchito GPS ndi ma Wi-Fi owazungulira, n'kutumiza malowo kwa woyankha. Android inayamba zimenezi mu 2016, ndipo iPhone inawonjezera njira yake mu 2018. Mu January 2024 FCC inalamulanso kuti makampani a mafoni a m'manja azisankha malo oyankhira potengera pamene foniyo ili, osati nsanja. Zonsezi n'zabwino. Koma chimene woyankha amaona ndi kadontho pa mapu, kozunguliridwa ndi malire a mamita angapo kapena makumi angapo. Pa nyumba yoima payokha kadonthoko n'kokwanira. Pa mdadada wa mafulati a makomo ambirimbiri, opulumutsa afika pabwalo n'kuyamba kufunsa kuti ndi khomo liti. Foni ya m'nyumba yokhala ndi adiresi yolondola imanena khomo lenileni ngakhale woimbayo asatulutse liwu. Choncho kwa agogo, amene masana onse ali m'nyumbamo ndipo Chingerezi chikhoza kuwathawa pa nthawi ya mantha, foni ya m'nyumbayo mukaikonza ndiyo yoyamba kuigwira. Ya m'manja ikhale yachiwiri, koma ikhalepo ndithu, yotchajidwa.

Ya m'manjayo muionenso bwino. Ngati agogo anabwera ndi kafoni ka mabatani kochokera kumudzi, kakhoza kusapeza netiweki konse, chifukwa makampani akuluakulu a ku America anatseka 3G mu 2022. Lamulo limati foni iliyonse yotha kugwira netiweki iloledwe kuimba 911 ngakhale ilibe ndalama kapena mzere wogwira ntchito, koma foni yotero ikaduka woyankha sangathe kuiimbanso. Apezereni mzere wa komweko, ngakhale wotsika mtengo. Komanso mafoni anu onse a m'manja, ngati munayatsapo Wi-Fi Calling, ali ndi adiresi yawoyawo ya ngozi, imene munailemba tsiku loyatsa. Netiweki ikafooka m'nyumba n'kukhala kuti foni ya 911 yadutsa pa Wi-Fi, adiresi imeneyo ikhoza kugwiritsidwa ntchito. Pa iPhone imapezeka mu Settings, pansi pa Cellular, kenako Wi-Fi Calling. Yanu, ya amuna anu, zonse muzisinthe madzulo omwewo.

Chinthu china muwauze agogo mobwerezabwereza: WhatsApp siimba 911. Eni ake amanena poyera kuti sipereka njira yofikira thandizo la ngozi, ndipo pulogalamu yaulere yoimbira foni ya Google Voice nayonso siimba. Ndikudziwa mmene tinaleredwera, vuto likagwa timayamba tadziwitsa wachibale. Dzanja la agogo lidzathamangira ku WhatsApp kuti akuimbireni inu. Apempheni kuti pa ngozi yeniyeni ayambe ndi 911, inu mubwere pambuyo. Zikachitika kuti ayamba ndi inu muli kuntchito, kumbukirani kuti mukaimba 911 muli kumeneko mudzayankhidwa ndi a dera limene inu mwaima, ndipo malo amene adzaone ndi a kuntchito kwanu. Mawu anu oyamba akhale akuti ngozi ili kunyumba, ndipo adiresi yake ndi iyi.

Za kuthima kwa magetsi sindichulutsa, poti tinakula nazo. Lamya yakale inkalandira mphamvu kudzera pa waya wake womwe, kuchokera ku mabatire a kampani, moti magetsi akathima inkagwirabe. Ya pa intaneti imafuna kuti modemu, rauta, kabokosi ndi pokhazika foni zonse zikhale zoyaka. Ku Indiana kumagwa mphepo zamkuntho ndi chipale chothyola mawaya. Gulani batire losungira magetsi lotchedwa UPS, mulumikizeko zipangizo zinayizo. Lidzakusungirani foni kwa kanthawi, ngakhale kuti intaneti ikaduka kunja batire silingathandize. Apo ndi pamene ya m'manja ija imagwira ntchito yake. Abale athu a ku Britain amve nawo pano: mafoni a m'nyumba kumeneko akusamutsidwira pa intaneti, ndipo netiweki yakale ikuyembekezeka kutsekedwa pofika January 2027. Bungwe la Ofcom limafuna kuti amene amadalira foni ya m'nyumba yokha apatsidwe njira yoimbira 999 kwa ola limodzi kapena kuposerapo magetsi akathima, ndiye amene akusunga okalamba afunse kampani yawo.

Pa nkhani ya kuntchito nditchulepo chimodzi, popeza ambiri a ife timagwira m'mahotela, m'nyumba zosamalira okalamba ndi m'maofesi. Mu December 2013, mu hotela ina ku Marshall, Texas, mtsikana wa zaka 9 anayesa kanayi kuimba 911 mayi ake akuphedwa, koma foni sinadutse chifukwa inkafuna kuyamba ndi 9 kuti ituluke kunja. Kuchokera pamenepo kunabwera lamulo la Kari's Law, limene kuyambira 16 February 2020 limafuna kuti makina atsopano a mafoni a m'maofesi azilola kuimba 911 mwachindunji. Makina akale akhoza kukhalapobe, choncho funsani kuntchito kwanu. Ndipo ngati mumagwirira ntchito kunyumba ndi pulogalamu yoimbira foni pa laputopu ya kampani, adiresi yake ikhoza kukhala ya likulu la kampaniyo.

Tibwerere kwa agogo. Kwathu munthu timamulondolera ndi zizindikiro: mukadutsa chigayo mukhotere kumanja, nyumba ya mpanda wa njerwa pafupi ndi mtengo wa mango. Ndi nzeru yabwino, koma woyankha wa ku Indianapolis sangaigwiritse ntchito. Iye akufuna nambala ya nyumba, dzina la msewu ndi nambala ya khomo, ndipo funso lake loyamba limakhala limenelo ngakhale adiresi akuiona kale, chifukwa amafuna kutsimikiza. Lembani adiresi yonse ndi zilembo zikuluzikulu pa pepala lolimba, mumate pafupi ndi foni, lina pa fuliji. Pansi pake lembani mawu ochepa a Chingerezi oti anene: "Ambulance", "Fire", "Police", "Baby not breathing", ndi "Chichewa interpreter". Malo oyankhira ambiri ali ndi mgwirizano ndi makampani omasulira pa foni, ndipo ngati dzina lakuti Chichewa silikupezeka msanga, ayese "Nyanja". Womasulira amatenga nthawi kuti apezeke, n'chifukwa chake adiresi ndi mtundu wa thandizo ziyenera kutsogola. Muyeserere nawo kangapo, inu mukhale ngati woyankha, mpaka manambalawo azituluka osakakamira pakhosi.

Auzeninso kuti asadule foni ngakhale sakumva zimene akufunsidwa, aisiye yotsegula, atsegule loko wa chitseko, kenako abwerere kwa mwana. Akuluakulu athu ambiri amaopa kuvutitsa anthu a boma, ena amaopa kuti afunsidwa za mapepala kapena ndalama, ndiye amayamba adikira kuti mwina zisintha. Muwatsimikizire kuti kuimba 911 n'kwaulere, kuti woyankha chimene akufuna kudziwa ndi malo ndi vuto, ndiponso kuti inu simudzawadzudzula ngakhale zitapezeka kuti mwana analibe vuto lalikulu. Za bilu ya ambulansi ndi nkhani yanu ndi a inshulansi, yokambirana pambuyo.

Madzulo ano mukamaliza kusintha adiresi, aitaneni agogo akhale nanu pafupi, muike foni pa sipika n'kuimba 933, kuti amve ndi makutu awo makina akutchula msewu ndi nambala ya khomo limene iwo akukhala. Akatchula Dallas, kapena akasiya nambala ya khomo, aimbireni a kampani usiku womwewo, ndipo mpaka zitakonzeka agogo azigwiritsa ntchito foni ya m'manja, pepala la adiresi lili pambali.